Azakhali Vainess ndi Nyama ya Masiku Asanu

A Vainess Gomile ndi azakhali a amuna anga, a Lucious. Ndiwo anawaitanitsa kuno ku America, ndipo ine nditafika chaka chatha ndi mwana wanga Shalom kumsana, amayi a kutchalitchi ankandiuza kuti ndikafuna kukhalitsa dziko lino ndiziyang'ana mayi amenewa. Ife timakhala ku Indianapolis, kufupi ndi msewu wa Lafayette. Iwo amakhala ku South Bend, ulendo wa maola awiri ndi theka pagalimoto. Ndinkawaopa ngati mmene mtengwa aliyense amaopera akuchimuna, ndipo sindinkadziwa kuti nawonso ali ndi zawo zowaopsa.

Anabadwira ku Makwasa, ku Thyolo. Bambo awo ankathyola tiyi. Ali mtsikana ankakolopa m'mawodi pachipatala cha mishoni, ndipo kumeneko anaphunzira kusambitsa odwala ndi kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Anabwera kuno mu 2003 kutsatira amuna awo, amene ankaphunzira za ubusa. Amunawo anamwalira ndi matenda a shuga pasanathe zaka zinayi. Ana analibe. Abale ankawalembera kuti abwerere kumudzi, iwo nkumayankha kuti manda a amuna awo angawasiyire ndani. Anagwira ntchito m'nyumba zosungira okalamba mpaka mawondo anayamba kutupa.

Ndi munthu wamfupi, woyenda mothamanga ngakhale m'nyumba. Saseka kawirikawiri. Foni ikalira amayamba apukuta manja paepuloni asanayankhe, ngati woimbayo awaona.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo analembedwa ntchito panyumba ya a Walter Hoffmeyer, kuti azisamalira akazi awo a Ida, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Anawapatsa chipinda chapansi pa nyumba, chokhala ndi kawindo kamodzi komwe ukasuzumira umaona miyendo ya anthu odutsa. A Ida atamwalira, Azakhali anatsala ndi nkhalamba yaimunayo, ya zaka 88. Makolo ake anachokera ku Germany, ndipo iyo inakalambira pafakitale ya zitsulo za galimoto. Azakhali amaitcha Agogo.

Mwezi wa Okutobala Agogo anasiya kudya. Sankadandaula kuti penapake pakupweteka, ankangoyang'ana mbale mpaka chakudya kuzizira. Azakhali anaboola mabowo awiri atsopano palamba wawo. Kenaka mwana wa Agogo, a Pamela, anaimba foni kuchokera ku Chicago. Anati abwera Lamulungu pasitima, ndipo akapeza bambo awo sakudyabe awapititsa kunyumba yosungira okalamba. Malo anali atapezeka kale, ndipo nyumbayi idzagulitsidwa. Azakhali ali ndi zaka 61. Ntchito yonyamula odwala khumi ndi awiri pashifiti imodzi sangaithenso, ndipo kachipinda kaja ndiko kwawo, alibe kwina.

Anawafunsa Agogo kuti atchule chilichonse chimene mtima wawo ukufuna. Agogo anatchula sauerbraten, nyama ya ng'ombe yowawasa imene a Ida ankaphika masiku a zikondwerero. Azakhali anali asanaiphikepo, pakuti pamene ankafika panyumbapo nkuti a Ida atasiya kale kuphika. Koma m'kabati munali kabokosi ka makadi olembedwa pamanja, ndipo khadi la nyamayo analipeza, lothimbirira ndi mafuta.

Chovuta chinali vinyo. Azakhali ndi a Sabata, dikonesi wa mpingo, ndipo botolo la mowa anali asanaligwirepo chibadwire. Ku South Bend Amalawi amadziwana onse, sitolo iliyonse ukumanamo ndi wa mpingo. Choncho anaimbira a Lucious kuti akagule vinyoyo ku Indianapolis, kumene iwo sadziwika, abwere naye pamodzi ndi nyama ya pantchafu yosadula. Anati abwerenso ndi ine, ndidzathandize kukonza m'nyumba a Pamela asanafike.

Ine zonsezi ndinazimva pambuyo pake. Chimene ndinaona ndi chakuti a Lucious anagula chinyama chachikulu ngati papaya kubutchala ya bambo wina wa Chisomali pa Lafayette, ndipo china chake anachikulunga m'thaulo nkuchiika pansi pa mpando wa galimoto. Tinafika Lachiwiri masana. A Lucious anamwa tiyi nkubwerera, chifukwa ankalowa ntchito m'mawa mwake.

"Make Shalom, pita pansi ukayamwitse mwana, upume," anatero Azakhali.

Ndinapita. Ndili pansipo ndinamva fungo lakuthwa likutsika pamasitepe, koma ndinaganiza kuti ndi mankhwala okolopera. Sindinafunse. Kwathu mtengwa safunsa zimene apongozi akuchita kukhitchini kwawo, ndipo iwonso sanandiuze, mwina chifukwa cha manyazi a vinyo uja. Ndinangomva akunena pafoni kuti nyama ya Lamulungu ndiyo yatsala, ikalephera iyo basi.

Lachinayi m'mawa anatenga Agogo kupita nawo kwa dokotala kukawakweza pasikelo. Potuluka anandiuza kuti ndipukute mawindo ndi kutsuka firiji.

Mawindo ndinapukuta. Nditatsegula firiji, fungo linandimenya kumaso. Pashelefu yapansi panali mbale yaikulu yagalasi yovundikira. Ndinaivundukula. Nyama ija, imene ndinaiona ndi maso anga ili yofiira bwino, inali itatuwa, kwina yabii ngati chilonda chakale. Inali itamira m'madzi akuda, anyezi atalefuka pamwamba, ndi timasamba touma ndi timbewu tikuyandama. Kununkha kwake kunali kwa chinthu chosasa.

Ndinakulira ku Bangwe. Kumeneko magetsi akazima masiku awiri, nyama ya mufiriji ya aneba imayamba kutuwa chomwecho, ndipo mkazi aliyense amadziwa chochita: uitsuke, uidule, uifutse ndi mchere isanafike poipa. Ndinaganiza kuti firiji yafooka, ndipo Azakhali ndi kutanganidwa kwawo sanaone. Ndinagwira foni kuti ndiwaimbire, koma ndinaopa kuwasokoneza ali pamaso pa dokotala. Ndinati ndikadikira mpaka masana nyama iwonongekeratu, ndipo adzati mtengwa uyu anaona nkungokhala.

Madzi akuda aja ndinawathira musinki. Nyama ndinaitsuka katatu, kachitatu ndi mandimu. Ndinaidula nthulinthuli, ndinaiwiritsa ndi mchere mpaka madzi kuuma, kenaka ndinaikazinga mpaka kufiira. Mbale yagalasi ndinaitsuka ndi sopo nkuiimika kuti iume. Kunena zoona, mtima unali mbee. Ndinkati lero andiyamikira.

Anafika cha m'ma 12 koloko. Anayamba akhazika Agogo pampando wawo wa pabalaza, nkuwafunditsa bulangeti m'miyendo. Atalowa kukhitchini anaima pakhomo. Anayang'ana mbale yagalasi, anayang'ana poto, anayang'ana sinki.

"Madzi aja ali kuti?"

"Ndataya, Azakhali. Nyama inayamba kuwonongeka, ndiye ndaifutsa."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakoka mpando nkukhala, chikwama chili m'manja, jekete osavula.

"Agogo atsikanso pasikelo," anatero, osandiyang'ana. "Dokotala watumiza kale uthenga kwa Pamela."

Ndinagwada pansi pomwepo. Shalom anayamba kulira kumsana, ine osatha ngakhale kumugwedeza.

"Imafunika kukhala m'madzi amenewo masiku asanu, mwana iwe. Kutuwako ndiye kupsa kwake. Ndinakutuma firiji, sindinakutume mphika."

"Pepani, Azakhali. Sindinadziwe."

"Ukanadziwa bwanji, ndinakuuza ine?" Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Dzuka. Kugwada sikubweza viniga."

Agogo anaitana kuchokera pabalaza. Chingerezi changa ndi cha Sitandade 7, ndimatola mawu apa ndi apo, koma ndinamva kuti akufunsa chimene chikununkhira. Azakhali anapita kukawauza. Ndinamvetsera ndili kuseri kwa chitseko. Nkhalambayo inatulutsa kaphokoso kamene sindinadziwe ngati nkuseka kapena kutsokomola. Azakhali atabwerera anandimasulira: akuti mtsikanayo wapha ng'ombe kachiwiri.

Tinawerenga masiku. Kuyambira Lachinayi madzulo kufika Lamulungu m'mawa sanakwane ngakhale atatu. A Lucious anali pantchito, sakanatha kubwera. Mawa lake dzuwa likalowa Sabata limayamba, Azakhali sagula kanthu. Viniga analipo wokwanira, koma vinyo anathera m'madzi amene ndinataya.

Mayi wa nyumba yoyandikana, wokalamba nayenso, anavomera kukhala ndi Agogo ola limodzi. Azakhali anadiraiva galimoto yakale ya Agogo mpaka kusitolo yaikulu ya kutali ndi tchalitchi chawo. Titapaka anati: "Botolo unyamula iwe. Ndiwe wa CCAP, kwanu sadabwa."

Tinasankha nyama, iwo akuibaya ndi chala kuona ngati ilibe mafuta ambiri. Kumashelefu a vinyo anaima patali ngati pali njoka, nkundilozera ndi mlomo botolo lofanana ndi loyamba lija. Ndinaliika pansi pa kabichi wofiira. Koma titafika polipira, mtsikana wa pamakina analikweza m'mwamba nkundifunsa chiphaso chosonyeza zaka zanga. Pasipoti yanga inali ku Indianapolis, m'sutikesi.

Ndinayang'ana Azakhali. Anatsegula chikwama pang'onopang'ono nkutulutsa laisensi yawo.

"Adikonesi, mwaswera bwanji?"

Kumbuyo kwathu kunali bambo wamtali wovala yunifolomu yabuluu ya kuchipatala, atanyamula mkaka wa soya. Anali a Hamilton, mkulu wa mpingo wawo. Maso awo anali pabotolo.

"Ndaswera, a Elda, kaya inu."

"Ndaswera. Koma mgonero timamwa juwisi wa mphesa, kapena komiti inasintha ine ndili kushifiti?"

"Ndi wophikira."

"Onse amayamba choncho, ndi wophikira." Ankamwetulira. Anatembenukira kwa ine. "Kapena ndi wa alendowa? Mwabwera nazo za ku Indianapolis?"

Ndinkafuna kuvomera kuti ndi wanga, koma ndinachedwa. Azakhali ndiwo anayankha.

"Ndi wanga, a Elda. Mwanayu musamunamizire. Nkhalamba yanga yasiya kudya, yapempha nyama ya kwawo, ndipo nyamayo imalowa ichi. Ikapanda kudya Lamulungu akuitenga, ine ndikhala pamsewu. Mukakanena kumpingo, mukanene ndi zimenezo."

A Hamilton anasiya kumwetulira. Anasinthira mkaka kudzanja lina.

"Ine ndabwera kudzagula mkaka, mayi. Maso ndawasiya kuntchito."

M'galimoto Azakhali anakhala nthawi atagwira chiwongolero osaliza injini. Kenaka anati: "Akazi a Elda adziwa lisanalowe dzuwa." Ndipo tinanyamuka.

Ulendo uno anandiimika pambali pawo kuti ndione chilichonse. Khadi la a Ida analitsamiritsa pabotolo la mchere. Anathira mupoto viniga wofiira, vinyo ndi madzi pang'ono. Pothira vinyo anatembenuzira nkhope kumbali. Ine ndinadula anyezi awiri ndi karoti. Anaponyamo masamba ouma onunkhira, tsabola wakuda wosasinja, timbewu tooneka ngati timisomali, ndi tizipatso takuda touma timene anati timachokera kumtengo wonga mkungudza. Zitawira anaziphula nkudikira kuti zizizire, chifukwa ukathira zotentha nyama imapsa kunja. Popeza masiku anali ochepa, anaibaya nyamayo ndi foloko mbali zonse kuti madzi alowe msanga. Zimenezo pakhadi panalibe.

"Uziitembenuza m'mawa ndi madzulo," anandiuza. "Loweruka ndi lako, ine sindigwira."

Masiku awiri amenewo ndinkatsegula firiji ngati ndikusuzumira wodwala. Lachisanu nyama inayamba kutuwa, ndipo ngakhale ndinali nditadziwa, manja ankafunabe kuitsuka. Ife tinkadya yokazinga ija ndi mpunga, yowawasa mpaka m'mano, palibe amene anadandaula. Agogo ankamwa theka la kapu ya mkaka, nthawi zina kachidutswa ka tositi. Ndikawapatsira madzi ndinkaona mafupa a m'manja mwawo, ndipo ndinkaganiza kuti akawatenga, mlandu ndi wanga. Loweruka Azakhali sanapite kutchalitchi. Anati sangasiye Agogo, koma masabata ena onse mayi woyandikana uja ankawakhalira. Anakhala m'chipinda chawo ndi buku la nyimbo, osaimba.

Lamulungu tinayamba 7 koloko m'mawa. Anaivuula nyama nkuipukuta ndi mapepala mpaka kuuma. Anaikazinga yathunthu mupoto wachitsulo wolemera, mbali iliyonse mpaka kuda. Anasefa madzi aja nkuwathiramo, anavundikira, nkuika mu uvuni pamoto wochepa. Inakhala mmenemo maola atatu ndi theka. Fungo linasintha pang'onopang'ono, ukali wa viniga unatha, m'nyumba monse munamveka kafungo kena kamene sindinakamvepo. Ndinaona Agogo atatembenuzira mutu kukhitchini.

Itafewa anaiphula nkuiika pambale. Kenaka anandipatsa mabisiketi a jinja khumi kuti ndiwaphwanye ndi botolo.

"Mabisiketi mu ndiwo, Azakhali?"

"Usandifunse ine, funsa a Ida. Phwanya."

Anawathira mumsuzi pamodzi ndi mphesa zouma zodzaza dzanja, nkumatakasa. Msuzi unalimba, unada, unayamba kunyezimira. Anaulawa kunsonga ya supuni nkukwinya nkhope.

"Uli bwanji?" ndinafunsa.

"Ndidziwa bwanji? Sindinaudyepo. Kaya ndi mmene umakhalira, kaya tawononga."

A Pamela anafika 1 koloko pa takisi kuchokera kusiteshoni ya sitima imene ili pabwalo la ndege. Ndi mayi wamtali wa imvi zodula, ndipo m'chikwama chawo munkaoneka envelopu yaikulu yakhaki ya mapepala a nyumba yosungira okalamba ija. Anapsompsona bambo awo pamphumi, nkuwagwira mkono, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa atamva kuonda kwake. Anatipatsa moni mwaulemu. Chikwamacho anachiika pampando wapafupi ndi tebulo.

Azakhali anadula nyama mopyapyala, anaika magawo awiri pambale ya Agogo, mbatatesi yophwanya, kabichi wofiira, nkuthira msuzi pamwamba. Ine ndinaima pakhomo la khitchini ndi Shalom. Azakhali anakana kukhala, anaima kumbuyo kwa mpando wa Agogo atapinda manja muepuloni.

Agogo anayang'ana mbale. Anaiyang'ana nthawi yaitali monga ankachitira masiku onse. A Pamela anayamba kudya okha mwakachetechete. Kenaka nkhalamba inatola foloko. Inadula kachidutswa, inakaviika mumsuzi, inatafuna pang'onopang'ono maso ali otseka. Inadulanso kena. Ndinawerenga: kasanu. Mbatatesi anadyako masupuni awiri. Kenaka anaika foloko pansi nkukankha mbale, gawo limodzi la nyama lili lonse.

Anayankhula mokweza kuposa mmene ndinawamverapo. Mawu akuti masiku asanu ndinawamva ndekha, zina Azakhali anandimasulira pambuyo pake. Anati nyamayi ndi yaing'ono, sinakhwime, ya Ida inkaluma lilime. Anati msuzi uli bwino koma jinja wachepa. Anati ina iikidwe lero lomwe, ikhale masiku asanu osaigwira mtsikana uja, adzaidye Lachisanu.

A Pamela anayang'ana mbale ya bambo awo, kenaka anayang'ana Azakhali. Anafunsa kuti masiku onsewa amadya zochuluka bwanji. Azakhali sanawonjezere kanthu, anati theka la kapu ya mkaka ndi tositi pang'ono. Anafunsanso kuti nchifukwa chiyani nyamayi sinakhale masiku asanu. Azakhali anati yoyamba inawonongeka chifukwa iwo sanalongosole bwino kwa wowathandiza.

A Pamela anazunguza foloko mumsuzi. Kenaka anati kudya kasanu si kudya. Anati malo aja awasungira milungu iwiri yokha, ndipo tsiku lokwera sikelo likadzafika adzabwera okha kudzaona. Sikelo ikadzatsikanso, sipadzakhalanso zokambirana. Envelopu sanaitulutse. Anapempha kuti tiwaikire nyama yotsala m'kontena, ndipo 4 koloko takisi inabwera kudzawatenga.

Tikutsuka mbale, kapu inawapulumuka Azakhali nkugwera musinki, koma sinasweke. Anaitola nkuitsukanso.

"Milungu iwiri," anatero. "Munthu wa zaka 88 anganenepe m'milungu iwiri?"

Ndinapitiriza kupukuta mbale.

A Lucious anafika dzuwa likupendeka kudzatitenga. Ndinali nditalongedza kale matewera ndi zovala za mwana. Analowa akusisita manja chifukwa cha kuzizira, nkufunsa kuti zayenda bwanji.

"Zayenda theka," anatero Azakhali. "Chikwamacho bweza pansi. Mkazi wako sakupita lero, udzamutenga Lachisanu."

"Nanga ine ndizidya chiyani sabata yonse, Azakhali?"

"Mufiriji muli nyama yofutsa, tenga yonse. Ndipo usavule jekete, ukutiperekeza kusitolo."